Nkhonya Kuseri kwa Nkhokwe

Zaka zitatu zoyamba za ukwati wanga, apongozi anga aakazi ndinkawadziwa chidendene chokha. Tikati tikumane panjira ya kudimba, mmodzi wa ife ankapatukira m'thengo, ndipo nthawi zonse ndinali ine, chifukwa iwo sankagwirizana ndi minga. Mwambo wa kwawo kwa mkazi wanga, kwa Malemia, unali wotero. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, salankhula nawo, sadyera nawo pamodzi, kufikira tsiku limene iwo adzamupatse nkhuku yothetsa manyazi. Anzanga ena nkhukuyo anaidya chaka choyamba chisanathe. Ine zaka zitatu zinakwana ndikungozimva zikulira m'khola.

Sikuti ndinali waulesi. Nkhokwe ndinawamangira, munda wa m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi ndinawalimira, denga ndinafolera kawiri. Amalume a mkazi wanga, amene anali mwini mbumba, ankanditonthoza kuti achemwali awo ndi munthu wosathamangira zinthu. "Akukuonani kaye," ankatero. Ndinkadabwa kuti akundiona bwanji, poti ndikangotulukira iwo ankakhala ali kale kuseri kwa nkhokwe.

Pa nthawiyo ndinali kalaliki wamng'ono mu ofesi ina ku Zomba, likulu lisanasamukire ku Lilongwe. M'mawa uliwonse ndinkapalasa njinga kudutsa pa Naisi, kukafika kuntchito malaya atamatirira kumsana, ndipo nthawi ya dzinja matope ankafika mpaka m'kolala. Tsiku lina abwana anandiuza kuti mvula ikamayamba, nyumba imodzi ya ogwira ntchito idzakhala yopanda munthu. Inali ya zipinda ziwiri, mpopi uli pakhomo pomwepo. Anati ndikaifuna ndi yanga, bola ndilowemo ndi banja, chifukwa munthu wokhala yekha sankamupatsa. Tsono kuti mkamwini achotse mkazi pamudzi pa amake pamafunika chitengwa. Nditakapempha kwa amalume, anandiuza mosabisa kuti iwo alibe vuto, koma mawu omaliza ali ndi mwini chidendene chija.

Chinthu chimodzi chokha chimene ndinkawakondweretsa nacho apongozi chinali wailesi yanga. Inali yaikulu ngati bokosi la sopo, waya wake ndinaukweza pansungwi yaitali, ndipo mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa pamodzi ndi makaka. Wailesi ya kanema tinkangoimva mbiri kwa obwera ku Halale. Lamulungu lililonse masana, anthu ataweruka ku tchalitchi, siteshoni ina ya kunja inkaulutsa zamasewera, ndipo nthawi zina inkabwereza nkhonya zimene zachitika mkati mwa sabata, kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza.

M'chigwa chonse cha Domasi munalibe mwamuna wokonda nkhonya kuposa apongozi anga. Anakhalapo zaka zambiri ku Halale ndi malemu amuna awo, amene mkati mwa sabata ankaphikira azungu, Lamulungu n'kumakamenya nkhonya pabwalo la m'komboni. Apongozi sankaphonya ngakhale tsiku limodzi. Pobwerera kumudzi anatenga mpando umodzi wachitsulo, mawu angapo a Chishona otukwanira mbuzi, ndi maganizo osagwedezeka a momwe munthu ayenera kuimira akamaponya chibakera. Chizungu ndicho sanabwere nacho, ndipo m'mudzimo wochimva bwino ndinali ine ndekha.

Kakhalidwe kathu ka Lamulungu kanali kotere. Ine ndinkakhala pakhonde ndi wailesi, nkhope itayang'ana mtengo wa mango. Pansi pa mtengowo pankakhala amuna a m'mudzi, amalume pamodzi ndi atelala a kutsidya kwa msewu ndi ena ongobwera kudzapanga phokoso. Apongozi ankakhala pampando wawo wachitsulo kuseri kwa nkhokwe. Pakati pa ine ndi iwo, pamphasa, pankakhala mkazi wanga, mwana ali pamiyendo. Kuchokera pakhonde kufika kunkhokwe panali pafupi kwambiri moti munthu akayetsemula uku winayo ankamva, koma ulemu unkafuna kuti mawu onse adzere mwa mkazi wanga.

"Make mwana," ndinkatero ine, "auzeni amayi kuti wamtaliyo waponya lamanzere kawiri, wabwerera m'mbuyo."

"Amayi, akuti waponya lamanzere kawiri, wabwerera m'mbuyo."

"Wabwerera kukatenga chiyani? Waiwala chipewa? Uwafunse amuna akowo."

"Bambo a mwana, amayi akufunsa ngati kumbuyoko kuli bwino."

Mkazi wanga anali wotero. Mawu akamadutsa mwa iye ankasambitsidwa ndi kudzozedwa mafuta. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kunena kuti kubwerera m'mbuyo ndi luso, chifukwa chibakera chimene sichinakupeze sichipweteka. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kuti, "Uwauze kuti nzeru zimenezo nazonso mbuzi zili nazo." Mkazi wanga anatembenuka mwaulemu n'kundiuza kuti amayi mfundo yanga aimva. Amalume anaseka mpaka kutsamwa ndi fodya.

Chaka chimenecho kunali ankhonya awiri amene ankamveka kwambiri pa siteshoniyo. Mayina awo anali othyola lilime, choncho apongozi anawatcha ena, ndipo enieniwo ndinawaiwala kalekale. Wamtali anamutcha Wovina, chifukwa ankangodumphadumpha ndi zala za kumapazi, manja ali m'chiuno, n'kumajompha mnzake ndi lamanzere ngati nkhuku pa lichero. Wamfupi anamutcha Chitsa. Ameneyo ankaweramitsa mutu n'kumangopita kutsogolo, kulandira zibakera zitatu kuti abweze chimodzi. Aliyense anali atagonjetsa anzake angapo, ndipo tsopano ankati akumane okhaokha.

Mudzi unagawikana. Atelala anali a Wovina. Ankanena kuti nkhonya si manja koma miyendo, ndipo kuti atsimikize ankaimirira, tepi ili m'khosi, n'kuyamba kuvina pabwalo chobwerera m'mbuyo, mpaka tsiku lina anakhalira mu mtondo. Amalume anali a Chitsa, osati chifukwa chodziwa nkhonya koma chifukwa choopa achemwali awo. Apongozi ankati munthu wotsitsa manja m'chiuno ndi wamwano, analeredwa ndi anthu osamukonda, ndipo chigongono malo ake ndi panthiti, chibwano malo ake ndi pachifuwa. Ine mumtima ndinali wa Wovina. Ndinkaona kuti munthu wodziwa kupatuka ngozi ikamabwera ndi mbale wanga.

Mkangano waukulu unali pa mzungu woulutsa. Ameneyo ankamukonda Wovina mopanda manyazi. Wovina akangogwedeza phewa, iye ankati n'zokongola zosaoneka kawirikawiri. Chitsa akamenya munthu mpaka zingwe kulira, ankati wachita mwayi. Apongozi ankazindikira zimenezi popanda Chizungu. Ankati mzunguyo akafika pa Wovina mawu ake amakwera ngati a munthu wofunsira mbeta, akafika pa Chitsa amatsika ngati akulengeza maliro a munthu wosamudziwa. Atelala ankaumirira kuti munthuyo akungonena zimene maso ake akuona. Apongozi anagamula kuti mzunguyo anakwatira mlongo wake wa Wovina, akulimira munda kumeneko, ndiye sangalankhule zina. Mawu amenewo mkazi wanga sanawabwereze, koma ndinawamva, ndipo anandilasa pang'ono.

Sabata ya nkhonyayo amalume anandiitanira pambali. Anati nkhani ya chitengwa aitula Lamulungu lomwelo, nkhonya zikangotha, chifukwa achemwali awo akakondwa amavomera ngakhale kubwereketsa khasu. Ndinawafunsa kuti nanga Chitsa akagonja. Anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti zikatero njinga yanga ndiisamalire bwino.

Mabatire ndinawayanika masiku awiri. Lamulungu litafika anthu anadzaza pansi pa mango, mpando wachitsulo unakwekwerezedwa kuseri kwa nkhokwe, belu linalira. Maraundi atatu oyamba ndinamasulira mokhulupirika. Mu raundi yachinayi mzungu uja anakuwa ngati wapsa ndi madzi otentha, anthu mu wailesi anasokosera, kenaka panamveka kuwerenga. Kuwerenga kwa Chizungu aliyense ankakudziwa. Wani, thuu, fili.

"Wagwa ndani?" anafunsa apongozi, ndipo mkazi wanga anabwereza.

Anali atagwa Chitsa. Ndinayang'ana mtengo wa mango, koma chimene ndinaona ndi mpopi uja, madzi akutuluka okha pakhomo.

"Auzeni amayi kuti wagwa ndi Wovina."

Bodza likangobadwa limafuna kuyamwa. Chitsa anadzuka pa seveni, ine ndinadzutsa Wovina. Anagwanso mu raundi yachisanu ndi chiwiri n'kudzuka, anagwanso chakumapeto n'kudzukanso, ndipo maulendo onsewo ndinagwetsa Wovina n'kumudzutsa. Atelala anafunsa chifukwa chimene mzunguyo akumvekera wosangalala chonchi pamene mlamu wake akumenyedwa. Ndinawauza kuti akulira, azungu akamalira amamveka ngati akuseka, ndimawaona kuofesi. Nthawi iliyonse dzina lenileni la wopambana likayandikira kutchulidwa, ndinkapotoza kachitsulo pang'ono kuti wailesi ichite phokoso la mvula, n'kudandaula za mabatire. Mumtima ndinkadziuza kuti sindikunama, ndikungowongola zimene mzungu wakhala akupindika chaka chonse. Belu lomaliza litalira, woyimbira anakweza dzanja la Wovina, ine ndinakweza la Chitsa.

Amalume anavina. Atelala anavula tepi m'khosi n'kuipinda mwakachetechete. Kuseri kwa nkhokwe kunatuluka nthungululu imodzi yaifupi, kenaka funso.

"Uwafunse, Chitsayo sanagwe ngakhale kamodzi?"

"Auzeni amayi kuti ngakhale kamodzi," ndinayankha.

"Oo," anatero apongozi. Mawuwo anali ozizira, koma ine ndinali wotanganidwa ndi kudziyamikira. Amalume atatula nkhani ya chitengwa, yankho linali lakuti amva, adzayankha mitambo ikayamba kusonkhana. Amalume anati kwa achemwali awo kumeneko ndi kuvomera ndithu.

Milungu yotsatira ndinasanduka katswiri. Anthu ankandiimitsa pamsewu kuti ndiwafotokozerenso momwe Wovina anagwera, ndipo ulendo uliwonse ankagwa moipa kuposa wapitawo. Atelala anasiya kuvina, anayamba kunena kuti mwina miyendo yokha siikwanira. Ndinkawamvera chisoni, koma osati kwambiri.

Woyamba kundigwira anali mkazi wanga. Anagula matemba a ku Chilwa kwa munthu wa panjinga, ndipo anamukulungira m'chidutswa cha nyuzipepala yakale. Pachidutswapo panali chithunzi, wamfupi ali chagada pansi, wamtali ataimirira pambali manja ali m'chiuno.

"Bambo a mwana, wagona apayu si Chitsa?"

"Akupuma," ndinatero.

Anakoleza nacho moto chipepalacho. "Mpopi uja ndikuufuna kuposa inu," anatero, "mtsuko wandithetsa tsitsi pamutu. Koma amayi si mwana."

Sipanapite nthawi, galimoto ya kanema inadutsa mumsewu ikulengeza pa chimkuzamawu kuti Loweruka masana kudzakhala filimu mu holo ya pasukulu ina pafupi ndi mishoni. Choyamba adzaonetsa za feteleza, kenaka nkhonya za kunja, zomwe zija anthu anazimva pa wailesi. Loweruka m'mawa ndinayesa kudwala mutu, ndinayesa kukumbukira ntchito yotsala kuofesi, ndinayesa kuphwetsa tayala la njinga kuti ndikhale ndi chokonza. Amalume anabwera kudzanditenga okha. Anati anthu akudalira ine kukawamasulira, ndipo achemwali awo anyamuka kale, mpando uli pamutu.

M'mawindo a holoyo anatchingamo masaka kuti mukhale mdima, ndipo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Amayi anakhala mbali imodzi, abambo mbali ina. Apongozi anakhazika mpando wawo kutsogolo kwenikweni, ine ndinasankha kumbuyo pafupi ndi chitseko. Filimu ya feteleza inali ya mlimi wina amene chimanga chake chinatalika kuposa nyumba. Sindinayambe ndakondapo feteleza ngati tsiku limenelo, ndinkapemphera kuti mlimiyo alime mpaka dzuwa kulowa. Koma anakolola msanga, ndipo pakhoma panaoneka zingwe ndi anthu awiri ovala makabudula.

Anthu anawazindikira nthawi yomweyo. Wamtali ankavinadi, ndipo kunena zoona ankavina bwino kuposa atelala. Wamfupi ankapita kutsogolo mutu uli pansi. Aliyense ankadikira raundi yachinayi kuti aone Wovina akugwa momwe ndinafotokozera, miyendo m'mwamba. Raundi inafika. Wovina anajompha kawiri, anatsatiza lamanja, ndipo Chitsa anakhala pansi ngati thumba la chimanga logwa pangolo.

Kenaka ndinaona mitu ikutembenuka umodzi umodzi kufunafuna kumene ndakhala. Atelala anaimirira, mthunzi wa mutu wawo unaphimba theka la nkhonya, anafunsa woonetsa filimu ngati sanaiike chozondoka. Munthuyo anati filimu ikazondoka anthu amayenda ndi mitu, sasinthana misinkhu. Apo amalume anaimirira kunditeteza. Anati nkhaniyi ndi yoonekeratu, azungu adula filimu ndi lumo n'kuimata momwe akufunira, si paja woulutsa uja ndi mkamwini wa kwa Wovina. Wailesi ndiyo inanena zoona chifukwa inalankhula zinthu zikadali zamoto, filimu yakhala m'njira miyezi iwiri, ndani akudziwa amene waigwiragwira. Theka la holo linavomereza. Wina anafunsa ngati m'galimoto mulibe filimu ina yoona. Atelala anayamba kuvina pakati pa mabenchi, akufuula kuti nkhonya ndi miyendo. Kwa kamphindi ndinaganiza kuti ndipulumuka.

Pakati pa phokoso lonselo ndinamva mawu amodzi kutsogolo, osakangana ndi munthu. Anali apongozi, akulankhula ndi khoma.

"Dzuka. Bondo limodzi kaye, usathamange. Eya. Tsopano kweza lamanja, mwana iwe, chibwano chili pamtetete."

Anamulangiza choncho mpaka kumapeto. Atagwa kachiwiri anamuuza kuti apume mpaka pa eyiti, palibe amene akumuthamangitsa. Atagwa kachitatu, diso limodzi litatsekeka, anagwira chingwe n'kudzikoka mpaka kuimirira, n'kuyambanso kupita kutsogolo komwe kunkachokera zibakerako. Apongozi anawomba m'manja okhaokha mu holo monse. Dzanja la Wovina litakwezedwa sanalabadire n'komwe, anali akusenza kale mpando wawo.

Pobwerera ndinadzera njira yaitali ya kumadimba, koma njira iliyonse imathera pakhomo. Ndinapeza mkazi wanga ali kale pamphasa, amalume ali pansi pa mango, miyendo ya mpando ikuonekera kunsi kwa nkhokwe. Ndinakhala pakhonde n'kuyang'ana mtengo wanga.

"Lero usasambitse mawu," apongozi anauza mwana wawo. "Unene momwe ndikunenera."

"Chabwino, amayi."

"Uwauze kuti bambo ako ku Halale anamenya nkhonya zaka zisanu ndi ziwiri, anapambana kawiri. Kamodzi mnzawoyo anali ndi malungo."

Mkazi wanga anabwereza, malungo ndi zonse.

"Uwauze kuti ine sindinkapita kubwalo kukaona bambo ako akupambana. Ndikanafuna zimenezo ndikanakwatiwa ndi amene ankawamenyawo, anandifunsirapo awiri. Ndinkapita kukaona akudzuka. Tsono Chitsa wanga anagwa katatu, anadzuka katatu, amuna akowa atenga kudzuka konseko akapatsa wothawathawa uja. Miyezi iwiri ndakhala ndikumulemekeza munthu wamwano, ndikumati kani ali ndi mtima. Wanga ndikumuona ngati wangopeza zophweka."

Amalume anayamba kuseka, koma anasandutsa chifuwa. Ine ndinkafuna nthaka itang'ambika. Ndinatumiza mawu opepesa, ndinati ndinkafuna kuti akondwe.

"Ndikudziwa chimene ankafuna," anatero apongozi. "Uwafunse chonchi. Ndiwapatse mwana wanga apite naye ku Zomba. Tsiku lina adzadwale kumeneko, kapena kamwanaka kadzatenthe thupi. Kalata idzabwera yoti chiyani? Yoti akupambana?"

Mkazi wanga anabwereza mawuwo onse. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanali a mwambo aja opatukira m'thengo, anali enieni, ndipo anandiwawa kwambiri chifukwa mayiwo sananame. Ndikanalembadi kalata yotero, ndi Chichewa chabwino ndithu.

Nyumba ija analowamo mesenjala wina wa ana asanu ndi mmodzi. Ine ndinapalasanso dzinja lonse, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadutsa pampopi wanga ndikuona mkazi wa mwini akutsukapo mapoto. Pamsewu ana ankandiitana kuti a Wailesi. Atelala anandikhululukira msanga popeza munthu wawo anapambana, koma amalume anakhulupirirabe mpaka imfa yawo kuti filimu ija inadulidwa, ngakhale ndinawauza ndekha kuti ndinanama. Ankati ndikungodzichepetsa.

Lamulungu mpando unkabwerabe kuseri kwa nkhokwe. Ndinayamba kumasulira zonse momwe zilili, ndipo pomwe Chizungu chandipitirira ndinkanena kuti sindinamve. Ndinaphunziranso kusiyanitsa mawu a mzungu ndi nkhonya zenizeni. Ndinkati, "Auzeni amayi kuti woulutsa akuti zokongola, koma ine kugunda sindinakumve, ndikuganiza kuti wamenya mphepo." Kuseri kunkamveka kakuseka kakafupi, kenaka, "Uwauze kuti ayamba kumva." Mkazi wanga analibenso chosambitsa chambiri, anayamba kubwera ndi nyemba zosankha.

Chaka chitazungulira abwana anandiitananso. Panali nyumba ina, yaing'ono kuposa yoyamba, mpopi wogawana ndi oyandikana nawo. Anati akundiuza komaliza, sangamasungire nyumba munthu amene apongozi ake sakumumasula. Ndinauza amalume, iwo anati atulanso nkhaniyo Lamulungu. Tsoka ilo, Lamulungu lomwelo Chitsa ankamenyana ndi mnyamata wina watsopano, wamanja aatali, amene woulutsa uja anali atayamba kale kumufunsira.

Chitsa anali atakalamba. Ndinamva zimenezo kuyambira raundi yoyamba, ndipo ndinanena. Mu raundi yachisanu kunamveka kugunda kumodzi kouma, anthu anakuwa, kuwerenga kunayamba. Amalume anandiyang'ana n'kunditsinzinira diso, akuloza kachitsulo ka wailesi ndi mlomo.

"Wagwa ndani?"

"Auzeni amayi kuti wagwa ndi Chitsa."

"Akudzuka?"

Ndinamvetsera. Sikisi, seveni, eyiti. Ndinkamupempherera munthu amene chaka chapitacho sindinkamufuna n'komwe. Naini, teni.

"Sanadzuke," ndinatero. "Akuti anayesa, bondo linakana. Amunyamula anthu awiri."

Mkazi wanga sanabwereze. Amalume anagwira mutu. Ndinamva mpando ukukwekwerezeka, mapazi akupita chakukhola, nkhuku zikukuwa. Ndinaganiza kuti mayi akukapsera mtima ziweto, ndipo ndinayamba kuwerengera mumtima matayala amene ndidzathe pamsewu wa Naisi mpaka kupuma ntchito. Kenaka mapaziwo anazungulira nkhokwe n'kulunjika pakhonde. Mwachizolowezi ndinadzambatuka kuti ndithawire kuseri kwa nyumba, ndinakodwa mu waya wa wailesi, nsungwi inagwa, ine ndinagwa nayo.

"Dzukani, bambo," anatero apongozi, kwa ine mwini, popanda wodutsamo. "Bondo limodzi kaye."

Ndinadzuka n'kuwayang'ana. Zaka zinayi ndinkaganiza kuti ndi chimayi chachikulu chamapewa ngati a Chitsa. Anali kamunthu kochepa kondilekeza pachifuwa, maso atafiira ndi misozi, tambala ali m'khwapa.

"Nkhuku iyi ndi yanu," anatero. "Mkazi tengani. Wailesi siyani."

Ndinathokoza, ndinawomba m'manja, kenaka ndinafunsa mwaulemu kuti nanga Chizungu adzawamasulira ndani.

"Njinga muli nayo," anatero.

Choncho ndinasiya kupalasa masiku asanu ndi limodzi kupita ku Zomba, ndinayamba kupalasa tsiku limodzi kupita kwa Malemia. Tinkakhala pakhonde limodzi, wailesi ili pakati, n'kumakangana maso ndi maso za zigongono ndi miyendo. Ndinazindikira kuti mkazi wanga ankandibisira zambiri. Mawu a apongozi osasambitsa anali ndi minga kuposa thengo lija.

Patapita zaka ziwiri ndinafika pamudzipo Lachitatu m'mawa, tsiku lopanda nkhonya. Mkazi wanga anali m'chipatala, kubereka kwa mwana wachiwiri kutavuta, atataya magazi ambiri. Njira yonse ndinkakonza mawu ofewa, oti zinthu zili bwino pang'ono, madokotala akuyesetsa. Apongozi anandionera patali ali pamtondo, anaika munsi pansi n'kundidikira.

"Wagwa?" anafunsa.

"Wagwa, amayi."

"Akudzuka?"

"Sindikudziwa."

Anandiyang'ana, anagwedeza mutu kamodzi, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje china ndi kamtolo. Anakwera pakaliyala osafunsanso kanthu. Kuyambira kwa Malemia mpaka ku Zomba anangolankhula kamodzi, pachitunda cha pa Naisi, kuti ndikupalasa ngati Wovina, ndiweramitse mutu ndizipita kutsogolo.

Mkazi wanga anadzuka patapita sabata. Apongozi anauza wodi yonse kuti anatengera bambo ake.